Galimoto zosulidwa ndi matope a ku Mulanje

Mlendo amene amafika ku Mulanje Loweruka n'kubwerera Lamulungu amapita akusimba kuti kuno misewu ndi yabwino. N'zovuta kumutsutsa. Kuchokera ku Limbe munthu atha kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, kapena kutsata msewu wa Midima uja unapatsidwa dzina la Robert Mugabe mu 2006, ndipo konseko matayala amaponda phula mpaka pa Chitakale, pa Boma, pa Limbuli, kukathera pachipata cha Muloza moyang'anizana ndi Milange wa ku Mozambique. Chimene mlendoyo saona n'chakuti phulalo ndi kamzere chabe. Midzi yambiri, minda ya tiyi ya alimi ang'onoang'ono, zinanazi, nthochi, sukulu ndi zipatala zazing'ono zili kumbali, kofika utapatuka. Ukangopatuka, galimoto imakumana ndi zimene anthu amene anaipanga ku Japan sanaziganizire.

Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatchinga mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya India. Kummwera kwa phirili, cha ku Lujeri, mvula ya pachaka imapitirira mamilimita 2,000, pamene ku Lilongwe kawirikawiri siifika n'komwe 1,000. Dzinja likatha, chiperoni amabwera mu June ndi July kudzanyowetsanso nthaka. Katondo wofiira wa kuno akauma ndi fumbi lolowa paliponse, akanyowa amaterera ngati therere. Kulowera ku chigwa cha Thuchila ndi Phalombe kuli makande akuda, amene kuwonjezera pa kuterera amamatirira m'matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira. Ndiye pali mitsinje yotsika m'phiri, Ruo, Lichenya, Likhubula, Muloza ndi timifuleni tosawerengeka, imene imatha kudzaza m'kanthawi kochepa mvula itagwa kumtunda, kumunsi kukuwala dzuwa. Walira mvula walira matope, ndipo a ku Mulanje anapatsidwa zonse ziwiri mosefukira.

Ku America, ku Australia ndi ku South Africa, kukonza galimoto kuti iyende kopanda msewu ndi masewera a anthu andalama. Munthu amagula pikapu yatsopano, n'kuthiranso ndalama zina poikweza, kuiveka matayala akuluakulu ndi magetsi padenga, kuti Loweruka akasake matope kumene ali. Kuno matope sasakidwa, amakupeza pakhomo. Wokonza galimoto ku Mulanje akufuna kuti mayi wodwala afike kuchipatala, zinanazi zifike ku Limbe zisanawole, maliro afike kumudzi. Luso lilipo lambiri m'magalaja a m'mbali mwa msewu, koma ndalama zambiri zimathera pa zosintha zimene zimaoneka ndi maso, pamene zimene zimapulumutsa galimoto ndi moyo zili pansi, kosaoneka, ndipo zina n'zotsika mtengo modabwitsa.

Tiyi ndiye anayamba kuphunzitsa boma lino za mayendedwe. Chiyambire 1891, pamene Henry Brown anabzala tiyi kuno, vuto lakhala lomwelo: tsamba likathyoledwa liyenera kufika kufakitale m'maola ochepa. Likachedwa, kapena likapanikizana, limatentha n'kufiira, mtengo wake n'kugwa. Tsono tiyi amaphuka kwambiri kuyambira December mpaka April, miyezi yomweyo imene misewu yafika poipitsitsa. Makampani monga Lujeri ndi Eastern Produce amathana nazo ndi mathirakitala okoka ngolo, malole a mabodi opangidwira masamba, magalaja awoawo ndi anthu okonza misewu ya m'maesiteti. Alimi ang'onoang'ono, monga a m'bungwe la Sukambizi amene amagulitsa masamba ku Lujeri, amadalira kuti galimoto ifike pamalo oyezera masamba, kaya kwacha ndi dzuwa kaya ndi mvula. Palibe amene amaitcha lole ya masamba galimoto yapadera, komatu ndi yomweyo: mutu ndi injini n'zakufakitale, zotsalazo zinapangidwa molingana ndi ntchito ya kuno.

Poyambira ndi pansi

Wofuna galimoto ya kumudzi sayamba n'kufunsa za penti kapena wailesi. Amagwada n'kusuzumira pansi. Akufuna kuona chassis, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zopingasa, pomwe pamamangiriridwa injini, bodi ndi masipuling'i. Galimoto ya chassis yotere utha kuivula bodi n'kuiveka lina. Sienta ndi Probox zadzaza m'masiteji zija zilibe chassis yapayokha, mphamvu yake ili m'bodi momwemo, ndipo amene amazikweza polowetsa zidutswa za tayala m'masipuling'i amangozengereza tsiku limene bodilo lidzayambe kung'aluka.

Mfumu ya zonse ndi Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndipo mpaka lero sinasiye. Ambulansi zambiri za boma ndi za mishoni ndi zimenezi. Injini yake yodziwika kuno, ya 1HZ, inatuluka mu 1990: ya dizilo, malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo, yopanda kompyuta yoti n'kukana kulira chifukwa kawaya kamodzi kanyowa. Siithamanga. Koma makaniko wa pansi pa mtengo wa mango atha kuimasula ndi masipanala wamba, ndipo imapirira dizilo amene injini zamakono sizingamumwe. Zambiri zimene mabungwe amayendera zimadzera ku kampani ya Toyota Gibraltar Stockholdings, imene imatenga Land Cruiser yatsopano n'kuisandutsa ambulansi kapena galimoto ya kumadera ovuta isanatumizidwe. Ndiye kuti galimoto yogulidwa pa okushoni, bungwe litathana nayo, imafika kwa mwini wachiwiri itasinthidwa kale kamodzi ndi akatswiri. Wachiwiriyo amayambira pamenepo, ndi ndalama zochepa ndi katundu wochuluka.

Amene thumba lake silifika pa Land Cruiser amasaka Hilux yakale ya injini ya 3L kapena 5L, kapena pikapu imene mbale wabwera nayo kuchokera ku Joni. Land Rover zakale zilipobe apo ndi apo. Bodi lake la aluminiyamu silichita dzimbiri, n'chifukwa chake imaoneka yamoyo chassis itadyeka kalekale. Opikula zinanazi ndi nthochi amakonda Dyna ndi Canter za matani awiri kapena atatu, zolowa kudzera pa doko la Dar es Salaam, zimene kwawo zinkanyamula makatoni m'misewu yosalala ya m'tauni.

Ntchito yoyamba, pafupifupi nthawi zonse, ndi masipuling'i akumbuyo. Pikapu ndi lole zimakhala pa mtolo wa zitsulo zopyapyala zosanjikizana. Makaniko amamasula mabawuti ogwira mtolowo n'kulowetsapo chitsulo chimodzi kapena ziwiri zochokera ku galimoto yakufa, zogulidwa ku Ndirande kapena ku Limbe. Ngati zakalezo zawongoka, amazikhoma ndi hamala pa chidutswa cha njanji mpaka zitapindikanso. Galimoto imadzuka kumbuyo, mwini wake n'kumwetulira. Apa m'pamene mwini galimoto amayamba kudzinamiza yekha. Masipuling'i olimba amachititsa kuti galimoto isaoneke yolemedwa, koma sachititsa kuti isalemedwe. Ekiselo ndi yomweyo, mabering'i ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo. Pikapu yopangidwira tani imodzi ikasenza matumba 40 a chimanga a makilogalamu 50, ndi anthu a matola pamwamba, yasenza kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, ngakhale itaima chilili.

Pali kanthu kena kamene ngakhale amakaniko ena sakalabadira. Pansi pa mapikapu ambiri akale a Toyota, pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, pali kavalavu kolumikizidwa ndi kandodo kachitsulo. Ntchito yake ndi kumva mmene galimoto yatsikira ndi katundu. Ikatsika kwambiri, kamatumiza mphamvu yochuluka ku mabuleki akumbuyo. Ikakhala m'mwamba, kamayesa kuti mulibe kanthu ndipo kamachepetsa mphamvuyo kuopa kuti matayala akumbuyo angakhwekhwereke. Tsono ukawonjezera masipuling'i osakonzanso kavalavuko, galimoto yodzaza tho imayenda ndi mabuleki a galimoto yopanda kanthu. Pa msewu wosalala sudziwa. Umadzadziwira pa mtsetse wa ku Thyolo, mabuleki akutsogolo atagwira ntchito ya onse, atatentha mpaka kununkha, phazi likuponda koma galimoto osamva. Kukonza kandodo kameneka ndi ntchito ya kanthawi kochepa, yosafuna sipeya yodula, koma poti sikaoneka, sikakhala pa mndandanda wa zimene mwini galimoto amapempha.

Kudzinamiza kwina n'kwa msinkhu. Anthu amakhulupirira kuti galimoto yayitali siititimira. Koma galimoto ikakanirira m'ngalande zimene thirakitala wasiya, chimene chakhula pansi kawirikawiri si bodi, ndi diff, chimpira chachitsulo chija chili pakati pa ekiselo. Ukakweza bodi masentimita 10, diff ili pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha, ndiponso ndi theka chabe: tayala lotalikirapo ndi masentimita 5 limakweza diff ndi masentimita 2.5. Phindu lochepalo lili ndi mtengo wake. Tayala lalikulu limalemetsa injini pa chikweza, limamwetsa mafuta, limafooketsa mabuleki, ndipo geji ya liwiro imayamba kunena bodza, kuonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni. Choopsa kwambiri n'chakuti kulemera kukakwera m'mwamba, makamaka ndi keriyala yodzaza padenga, galimoto siichedwa kugubuduzika. Misewu ya m'munsi mwa phiri imayenda mopingasa zitunda, gudumu lina kumtunda lina kumunsi, ndipo pamenepo galimoto yayitali ndiyo yoyamba kugona chammbali.

Madalaivala akale a m'maesiteti ndi a zipatala sankachita misala pokonda tayala lopyapyala, lalitali, la 7.50R16. Pa katondo, matope oterera amakhala pamwamba, nthaka yolimba ili pansi pake, ndipo tayala lopyapyala limacheka matopewo kukaponda polimba. Tayala lalikulu m'mbali, lija limakongola pa chithunzi, ndi labwino pa mchenga wa ku Salima kapena ku Mangochi, koma pa katondo wonyowa limangoyandama. Chofunikanso ndi mano a tayala: otalikirana amalavula matope pamene gudumu likuzungulira, othinana amadzaza n'kusanduka osalala. Ndipo njira yotsika mtengo kuposa zonse, kuphwetsako matayala pang'ono kuti aponde malo aakulu, ndi imene ambiri saichita. Chifukwa chake n'chomveka: ukabwerera pa phula uyenera kupopanso, apo ayi tayala limatentha n'kuphulika. Pampu yaing'ono yolumikiza ku batire siifika n'komwe pa mtengo wa tayala limodzi, koma simuipeza m'galimoto zambiri zimene zili ndi magetsi anayi padenga.

Nanga bwanji galimoto yoti magudumu onse anayi amakoka imakanikabe pamalo pooneka pachabe? Diff inapangidwa kuti pokhota gudumu lakunja lizungulire mofulumira kuposa lamkati. Ubwino umenewu m'matope umasanduka tsoka, chifukwa gudumu limene lili poterera ndilo limangozungulira, lina lili phee pouma. Land Cruiser zina zimabwera ndi chotsekera diff, chimene dalaivala amatcha akafika povuta n'kumasula akadutsa. Amene alibe amanyengeka kupita kwa wowotcherera kuti awotcherere magiya a mkati mwa diff, magudumu onse awiri azizungulira limodzi mpaka kalekale. M'matope zimathandizadi. Pa phula matayala amatha msanga, galimoto imakana kukhota bwino mvula ikagwa, ndipo tsiku lina shafti imathyoka katundu ali pamwamba. Pa thirakitala wosatuluka m'munda zingamveke, koma pa galimoto yonyamula anthu ndi kusewera ndi miyoyo.

Madzi, chitsulo ndi moto

Chipaipi chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, chimene amati snorkel, chafika poti ndi chizindikiro cha ulemu. Ntchito yake ndi yeniyeni. Injini ya dizilo ngati ya 1HZ imapanikiza mpweya kuposa ka 20, koma madzi sapanikizika. Ikangomeza madzi pang'ono, pisitoni imagunda pa chinthu chosasuntha, ndodo yake imapindika, ndipo injini yatha pomwepo pakati pa mtsinje. Chipaipicho chimakweza mphuno ya injini pamwamba, kutali ndi madzi komanso ndi fumbi la October limene limatseka sefa. Owotcherera a kuno amazipanga ndi paipi yachitsulo kapena yapulasitiki, ndipo ena amazipanga bwino ndithu. Koma snorkel ndi yabwino pokhapokha ngati polumikizira ponse pamatidwa, kuyambira pamwamba mpaka pa bokosi la sefa. Ngakhale chipaipi chimene Land Cruiser imabwera nacho kuchokera kufakitale chinapangidwira fumbi kwambiri, ndipo Toyota yomwe imati galimotoyo iwoloke madzi osapitirira masentimita 70. Snorkel yoboola imangopatsa dalaivala mtima wolowa pamene akanabwerera.

Zimene madzi amawononga mwakachetechete ndi diff ndi giyabokosi. Zimakhala ndi kabowo kopumira. Chitsulo chotentha chikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko kapena pa masilo. Oyilo amasanduka woyererako, mabering'i amayamba kudyeka, ndipo patapita miyezi mwini galimoto amadandaula kuti anamugulitsa sipeya yabodza. Mankhwala ake ndi kapaipi ka mphira, kolumikiza pa kabowoko n'kukweza mpaka m'chipinda cha injini. Pa zonse zimene munthu angachite pa galimoto yowoloka timitsinje ta ku Mulanje tsiku ndi tsiku, palibe chotsika mtengo ndi chaphindu kuposa kapaipi kameneka.

Kwa owotcherera n'kumene luso la kuno limaonekera, ndiponso n'kumene kulakwa kumakhala kodula. Bodi la lole ya zinanazi, makwerero a m'mbali, chitsulo chotchinga pansi pa injini kuti miyala isaboole, denga la pikapu yonyamula odwala, zonsezi zimapangidwa pa Chitakale, pa Limbuli kapena ku Luchenza ndi makina owotcherera ang'onoang'ono, magetsi akayaka. Wodziwa ntchito sawotcherera chassis mopingasa, chifukwa pamenepo m'pamene idzathyokere. Ikang'aluka amaboola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, amawotcherera, kenaka n'kuphatikapo chitsulo chosongoka kumapeto kuti kulemera kugawikane. Amayamba wachotsa batire. Amadziwanso kuti chassis inapangidwa kuti izipindika pang'ono pa msewu wokumbika, ndiye bodi lolimba kwambiri lowotchereredwa ponseponse limaikakamiza kuthyokera pamalo amodzi. Wosadziwa amathira chitsulo chochuluka poganiza kuti kulemera ndiko kulimba, ndipo lole imachoka pagalaja itadya kale gawo la katundu amene ikanasenza.

Za bull bar, chitsulo chija chotchinga kutsogolo kwa galimoto, sindichedwapo. Ku Australia inapangidwira nyama zakutchire zodumphira mumsewu usiku. Pa msewu wa Limbuli tsiku la msika chimene chili kutsogolo kwa galimoto ndi mwana wasukulu, wakabaza ndi mayi wosenza dengu. Winch, makina okokera galimoto ndi chingwe, nayo ili ndi vuto lake: imafuna mtengo womangirirapo, ndipo pakati pa munda wa tiyi mtengo uli patali. Khasu, fosholo, jeke wabwino ndi thabwa lomuikira zapulumutsa galimoto zambiri kuposa winch. Chimene chiyenera kupangidwa mosamala ndi pokokera. Chingwe chikamangidwa pa kampira kokokera ngolo, kapena pa kachitsulo kowotchereredwa mwachisawawa, chikaduka chimauluka ndi mphamvu yopha munthu, ndipo pamalo potitimira galimoto sipasowa anyamata odzakankha ndi ana odzaonerera.

Zonsezi zili ndi malire, ndipo boma lino linawaona mu March 2023. Namondwe Freddy atalowanso kumtunda cha ku Quelimane pa 11 March, anakhuthula mvula pa phirili ndi madera ozungulira. Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri m'boma la Phalombe, kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Miyala, mitengo ndi matope zinatsika m'phiri, akuluakulu n'kukumbukira Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. M'dziko muno anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Milatho inapita, madera a ku Muloza ndi kwa Njema anadulidwa, ndipo thandizo linafika ndi ndege za helikopita, zina zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, komanso pamitu pa anthu oyenda pansi. Land Cruiser yokonzedwa bwino chotani inaima pomwe panathera msewu. Msewu wa Muloza kupita ku Chiringa, wozungulira phiri chakummawa, wakhala pakamwa pa andale kwa zaka zambiri, ndipo sipuling'i iliyonse imene mwini galimoto wa kumeneko amawonjezera ndi msonkho wachiwiri umene akulipira pa msewu womwewo.

Pamwamba pa phiri pokha galimoto ilibe nazo gawo. Matabwa a mkungudza ankatsika pamitu pa anthu ndi pa chingwe chochokera ku Chambe, ndipo alendo mpaka lero amakwera ndi miyendo kuchokera ku Likhubula ndi njira zina. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Amene akulota zodzayesa mphamvu za galimoto zawo m'nkhalango ya m'mbali mwake asakeko kwina.

Ena anayesa kupanga yatsopano

Kusula galimoto kuchokera ku inzake si chinthu chochititsa manyazi. Land Rover yoyamba yoyeserera, imene Maurice Wilks ndi anzake a kampani ya Rover anapanga mu 1947, inamangidwa pa chassis ya Jeep yotsala ku nkhondo. Ku Kumasi m'dziko la Ghana kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene amisiri zikwizikwi amaphwasula ndi kumanganso galimoto, ndipo mu 2013 ena mwa iwo, pamodzi ndi Melle Smets wa ku Netherlands, anamanga galimoto yathunthu yotchedwa Turtle kuchokera ku zipangizo zopezeka pomwepo.

Amene anayesa kutsegula fakitale yopanga galimoto ya misewu ya ku Africa akumana ndi zokhoma. Ku Kenya, kampani ya Mobius Motors imene anayambitsa Joel Jackson inapanga galimoto yopanda zokongoletsa, yolimbana ndi misewu yokumbika, koma mu August 2024 inalengeza kuti ikutseka, itapanikizika ndi ngongole pa msika wodzaza ndi galimoto zakale zochokera kunja. Chitsanzo chopatsa maganizo kwambiri ndi OX, lole yaing'ono imene inaonetsedwa mu 2016, yojambulidwa ndi Gordon Murray, katswiri wa galimoto za mpikisano wobadwira ku Durban. Munthu amene anazolowera liwiro atafunsidwa kupanga galimoto ya kumudzi, sanaike mphamvu ku magudumu onse anayi. Anasankha awiri okha, n'kuika nzeru zake pa kupepuka, pa mpata waukulu pansi, ndi pa zipangizo zosavuta kumanga. Zamagetsi zake zinayamba kunyamula katundu wa alimi ku Rwanda, dziko la zitunda ndi tiyi. Nayo Toyota mu 2023 inatulutsa ku Thailand pikapu yotchedwa Hilux Champ, yokhala ndi mabowo okonzeratu kumbuyo kuti wogula amangepo bodi limene akufuna. Makampani aakulu afika povomereza chimene wowotcherera wa pa Limbuli anachidziwa kale, kuti galimoto yantchito imamalizidwa ndi mwini ntchitoyo.

Kwathu kuno fakitale si ya mawa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, masipuling'i ndi ma shock opangidwira misewu yoipa, amene amachokera ku South Africa ndi ku Australia, anafika poti wamba sangawakhudze. Ndiye ntchito yosintha galimoto ipitirira kuchitika pansi pa mitengo, ndi zitsulo zakale, kaya wina afune kaya asafune. Funso ndi lakuti ichitike mwanzeru kapena mongoyerekeza.

Malamulo alipo. Galimoto iliyonse imalembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ndi nambala ya chassis ndi ya injini, ndipo wosintha injini ayenera kukalembetsa kusinthako. Kulemera kumene galimoto ikuloledwa kusenza sikusintha chifukwa choti mwawonjezera masipuling'i. Pa ngozi, a inshuwalansi atha kufunsa za zosintha zimene sanauzidwe. Koma COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imapimidwa galimoto ili yopanda katundu, pamalo osalala, ndipo zambiri zimene tafotokozazi sizionekera pamenepo. Kuopseza amisiri sikungathandize, chifukwa popanda iwo odwala a kumidzi ndi zokolola zawo sizingafike pa phula. Chothandiza n'kuwaphunzitsa. TEVETA imaphunzitsa kale owotcherera ndi amakaniko, ndipo magalaja a m'maesiteti ali ndi anthu amene akhala akulimbana ndi katondo yemweyu moyo wawo wonse. Maphunziro a masiku ochepa pa Boma, m'Chichewa, okhudza mabuleki a galimoto yokwezedwa, kawotchereredwe ka chassis ndi pokokera, sangadye ndalama zofika pa mtengo wa ambulansi imodzi yogubuduzika. Khonsolo ya Mulanje ndi makampani a tiyi atha kuyambitsa zimenezi osadikira Lilongwe.

Kwa inu eni galimoto, mvula ili pafupi chaka chilichonse. Musanalipire penti ndi magetsi a padenga, muuzeni makaniko agwade aone mabuleki, kavalavu kakumbuyo kaja, oyilo wa mu diff ndi mabawuti a masipuling'i. Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani matayala abwino ndi pampu. Bull bar idikire.